Kodi miyala imamera m'munda?

M'mwezi wa Okutobala, anthu ali pakalikiliki kusosa m'minda, ndinali kwa Kadewere m'boma la Chiradzulu komwe alimi a kalabu ina anandiitana kuti ndikaone minda yawo. Titamaliza zomwe ndinapitira, bambo wina wachikulire anandikokera pambali nanditengera kumunda kwawo, womwe uli pamalo otsetsereka ndithu. M'mbali mwa mundawo munali milu ya miyala, ina yofika m'mawondo.

"Achimwene, inu munapita kusukulu, tandiuzani," anatero bambowo. "Munda uno ndinaupeza akulima malemu apongozi anga pamene ndinkabwera kudzakwatira kuno. Nthawi imeneyo khasu linkalowa lonse osakhudza mwala. Lero chaka chilichonse timatola miyala, koma mvula ikangotha timapeza ina yamera. Kodi miyala imaberekana?"

Funso limeneli ndalimva m'madera ambiri, ndipo siloseketsa ayi. Miyala siimera, komanso siiberekana. Inalimo kale pansi, yokwiririka. Chimene chikuchitika n'chakuti dothi lomwe linkaibisa likuchoka. Koma kuti timvetse bwino kukula kwa vutoli, alimi anzanga, tiyenera kuyamba tadziwa kumene dothilo linachokera.

Kuseri kwa nyumba ya bambowa kunali dzenje la chimbudzi lomwe mdzukulu wawo anali atangomaliza kukumba, ndipo ndi pamenepo pomwe tinaphunzirira. Aliyense amene anakumbapo chimbudzi kapena chitsime adziwa zomwe ndikunena. Pamwamba penipeni panali dothi lakuderako, losapitirira zala zinayi. Pansi pake panali katondo wofiira, wofika cha m'chiuno. Kupitirira apo dothi linayamba kutuwa, lachikasu mosakanikirana ndi loyera, ndipo ukaliyang'anitsitsa linkaoneka ngati mwala, mizeremizere yake ili bwinobwino, koma ukalifinya m'manja linkangofumbutuka. Pansi penipeni m'pamene mnyamatayo anasiyira chifukwa piki inayamba kuthetheka moto. Anali atafika pathanthwe.

Zinayi zonsezi n'chinthu chimodzi. Thanthwe ndilo kholo. Chofumbutukacho ndi thanthwe lomwe lawola koma lisanasanduke dothi. Katondo ndi thanthwe lomwe linawola kalekale. Dothi lakuda lapamwamba ndi katondo yemweyo atasakanikirana ndi zinyalala, mizu ndi ndowe zowolerana.

Mmene mwala umawolera

Miyala yomwe ili pansi pa mbali yaikulu ya Chiradzulu, Blantyre ndi Thyolo ndi yakale kwambiri, ya zaka zoposa 500 miliyoni. Yambiri ndi ya mtundu womwe akatswiri amautcha gneiss, ija yokhala ndi mizere yoyera ndi yakuda. Mukadzadutsa pa Njuli, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba, pomwe amaswa kwale, mudzatole kamwala kongoswedwa kumene n'kukayang'anitsitsa. Mudzaona kuti mwala si chinthu chimodzi. Muli timibulu tamitundumitundu tomatana: tina tooneka ngati galasi, tina toyera kapena totuwa ngati mkaka, tina takuda, tina tonyezimira. Timibulu timeneti timawola mosiyana, ndipo nkhani yonse ya nthaka yagona pamenepa.

Choyamba mwala umasweka. Anthu akafuna kuchotsa chimwala pamalo omanga nyumba amasonkha moto pamwamba pake, kenaka n'kuthirapo madzi, chimwalacho n'kung'aluka. Dzuwa la mu Okutobala ndi kuzizira kwa usiku zimachita zofananako, kungoti pang'onopang'ono. Thanthwe lomwe linali pansi kwambiri likavundukuka, nalonso limasuwa pamwamba ngati anyezi. Mng'alu ukangopezeka, mizu imalowamo. Onani mmene kachere amamerera pamwala: muzu wake umayamba ngati ulusi, koma pakapita zaka umakula ngati mkono n'kukankha mwala mbali ziwiri.

Komabe kuno kwathu, kotentha ndiponso kwa mvula, mmisiri wamkulu ndi madzi. Madzi a mvula akamalowa pansi amatenga mpweya womwe mizu ndi tizilombo ta m'nthaka timapuma, komanso msuzi wa zinyalala zowola, n'kukhala ndi asidi wochepa kwambiri. Simungamumve palilime, koma akakhala pamwala zaka zikwizikwi amaudya. Timibulu toyera ngati mkaka tija, totchedwa feldspar, timafewa n'kusanduka dongo. Takuda tija tili ndi chitsulo, ndipo timachita dzimbiri monga limachitira khasu loiwalika panja m'dzinja. Dzimbiri limeneli ndilo limafiiritsa katondo. Tooneka ngati galasi tija, totchedwa quartz, ndi tamakani, madzi amatilephera. Ndito timatsala ngati mchenga, ndipo pomwe munali msempha waukulu wa quartz m'thanthwe pamatsala nsangalabwi. N'chifukwa chake miyala yambiri pamilu ya bambo aja inali nsangalabwi zoyera. Zinzake zonse zinawola kalekale, izo zinakana.

Chiswe nachonso chili ndi gawo lake. Chimatuta dothi losalala kuchokera pansi kukwera nalo pamwamba, miyala n'kumatsalira pansi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe m'maenje ambiri mumapezeka mzere wa miyala utagona pansi pa dothi ngati munthu anachita kuyala. Mlimi amene wayamba kugunda mzere umenewu ndi khasu adziwe kuti zomwe zinali pamwamba pake zapita. Ndipo amene amagumula chulu n'kumwaza dothi lake pamunda wamchenga sakulakwitsa, akubwezeretsa dongo.

Zomwe mwala umapatsa mbewu

Mwala ukamawola umatulutsa zakudya zina za mbewu: potaziyamu, kashiamu, magineziyamu ndi fosifolasi pang'ono. Kwa zaka zambiri feteleza wokulitsa chimanga yemwe tinkathira anali 23:21:0+4S. Ziro ali pamalo achitatuyo akutanthauza kuti munalibe potaziyamu, poti nthaka yathu inkaoneka kuti ili naye wokwanira wochokera ku miyala. Thumba la masiku ano limalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn. Potaziyamu analowamo, zinki analowamonso. Kwa ine manambala amenewa ndi umboni woti nkhokwe yomwe miyala inatisungira yayamba kuoneka pansi.

Pali chinthu chimodzi chomwe miyala yathuyi siipereka, ndicho nayitirojeni, chakudya chomwe chimabiriwitsa chimanga. Ameneyu amachokera ku zowolerana, ku manyowa, ku mbewu za mtundu wa nyemba monga nandolo, mtedza ndi soya, kapena m'thumba la feteleza. Amakhala m'dothi lakuda lapamwamba lija, la zala zinayi. Choncho munthu akhoza kukhala ndi katondo wakuya mamita awiri koma chimanga chake n'kukhala chachikasu, kaufiti ali mbuu, chifukwa chapamwambacho chinapita.

Madzi omwe amawoletsa mwala ndi omwenso amatsuka zakudyazo kupita nazo pansi. Kumene mvula imagwa yambiri nthaka imatsukika mpaka kuwawasa. Chitsanzo chachikulu chili pamwamba pa phiri la Mulanje, ku Lichenya, komwe mvula inatsuka mwala mpaka kunangotsala dothi lotchedwa bauxite, lopangira aluminiyamu. Ndi chuma kwa a migodi, koma kwa mlimi ndi dothi lopanda kanthu. Kwa Kadewere sizinafike pamenepo. Koma amene akuthira feteleza mokwanira mbewu osasintha, ndi bwino atumize dothi lake kukayezetsa. Alangizi a m'dera lanu akhoza kukuthandizani katengedwe kake, ndipo ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe amayeza nthaka.

Nanga makande? Amenewa timawapeza kumunsi, m'madambo ndi kuchigwa cha Phalombe. Zomwe madzi anatsuka kumtunda zimakaunjikana kumeneko, ndipo pamapangika dongo la mtundu wina, lomwe limafufuma likanyowa n'kung'aluka ming'alu yolowa dzanja likauma. Ndi lachonde, koma amene analimapo makande mvula itagwa amadziwa kulemera kwa khasu lake.

Kubwera pang'onopang'ono, kuchoka mothamanga

Tsopano tifike pa masamu, chifukwa ndi omwe anawakhalitsa chete bambo aja. Bungwe la FAO loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse limati pakhoza kupita zaka 1,000 kuti papangike dothi lochindikala masentimita awiri kapena atatu okha. Kafukufuku wa kukokoloka kwa nthaka m'Malawi muno, wa m'chaka cha 2014, anapeza kuti tikaphatikiza dziko lonse, hekitala iliyonse imataya matani 29 a dothi pachaka. Amenewa ndi matumba 580 a makilogalamu 50, kapena kuti matumba oposa 230 pa ekala imodzi.

Munthu wina atabwera ndi lole usiku n'kututa matumba 230 a dothi m'munda mwanu, m'mawa mudzi wonse ungadzuke ndi zibonga. Koma matumba amenewa mukawamwaza pa ekala yonse, kuchindikala kwake ndi mamilimita awiri basi, ngati ndalama yachitsulo. Palibe amene amaona. Pa zaka khumi ndi masentimita awiri, omwe chilengedwe chinatenga zaka mazanamazana kuti chipange. Bambo aja anati akhala pamudzipo zaka pafupifupi 40. Tinawerengera limodzi ndipo tinapeza kuti dothi lochindikala ngati chikhatho chawo likhoza kukhala litapita, mwinanso kuposa apo poti munda wawo ndi wotsetsereka.

Sindikunena kuti alimi a ku Chiradzulu ndi osasamala. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'ono limeneli, lomwe ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Mawu oti tsala kapena mphanje ana a lero amangowamva kwa agogo awo. Munthu amene ali ndi kamunda kosakwana ekala sangakagoneke, ndipo njala ikavuta amakwera m'phiri ndi khasu. Koma mvula siimva zifukwa.

Kumene dothi limapita

Madzi sangonyamula dothi. Amalipeta ngati mayi ali ndi lichero. Yesani izi kunyumba. Tengani botolo loonekera mkati, thiranimo dothi la m'munda mwanu osafika theka, dzazani madzi, tsekani n'kukhutchumula kwambiri, kenaka liikeni pansi. Mphindi imodzi isanathe mchenga udzakhala utadikha pansi. Pakatha maola awiri pamwamba pa mchengawo padzagona dothi losalala ngati ufa woyera. Dongo lidzatsala likuyandama, madzi ali ofiira, mpaka mawa kapena mkuja. Tizinyalala tidzayandama pamwamba. Mukatero mwadziwa mtundu wa nthaka yanu, komanso mwaona zomwe mtsinje umachita.

Madzi othamanga amanyamula zonse. Akayamba kufooka amatula miyala, kenaka mchenga, koma dongo ndi zowolerana amapita nazo kutali. Tsoka lake n'lakuti chonde chimakhala mu zopepukazo. Ndiye mwini munda wa kumtunda amatsala ndi nsangalabwi, mwini dimba la kumunsi amalandira mchenga wokwirira masamba ake, pamene chonde chenicheni chadutsa onse awiri.

Madzi a m'boma la Chiradzulu amapita mbali ziwiri. Ena amalowera kuchigwa cha Phalombe n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho chilichonse cholowamo chimakhala momwemo: matope amadikha pansi, mchere wosungunuka kuchokera ku miyala umatsalira madzi akamauma ndi dzuwa. N'chifukwa chake madzi ake ali amchere. Ndi nyanja yosaya, ndipo inaphwa mu 1968, mu 1995 komanso mbali yaikulu mu 2018. Madzi ena amalowa mu Thuchila, Thuchila n'kuthira mu Ruo, Ruo n'kukakumana ndi Shire ku Chiromo. Pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, Ruo anasiya njira yake cha ku Makhanga m'boma la Nsanje, ndipo minda yambiri inakwiririka ndi mchenga.

Nthawi zina phiri silidikira kutuma dothi pang'onopang'ono. Kumbukirani mwala wofumbutuka uja wa m'dzenje. M'mapiri umagona pamwamba pa thanthwe lolimba lomwe madzi salowa. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, wofumbutukawo umakhuta madzi, umalemera, pansi pake pamaterera, ndipo zonse zimatsika nthawi imodzi, matope, mitengo ndi zimiyala zazikulu ngati nyumba. Makolo ankati wadutsa Napolo. Zinachitika ku Zomba mu 1946, ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachita zomwezo ku Chilobwe mu Blantyre ndi konkuno ku Chiradzulu, komwe mudzi wa Mtauchira kwa Likoswe unakokoloka. Kunena chilungamo, mvula ya Freddy inali yoopsa kotero kuti ngakhale malo ena a mitengo anagumuka. Koma phiri lometedwa, lolimidwa mpaka pamwamba, limagonja msanga, ndipo kumanga nyumba m'khwawa lotsika m'phiri n'kugona panjira ya Napolo.

Dothi likabwerera kukhala mwala

Matope ndi mchenga zikadikha pansi pa nyanja kapena m'chigwa, chaka chotsatira pamabwera zina pamwamba pake. Zapansi zimapsinjika, madzi amafinyika, ndipo laimu, dzimbiri la chitsulo ndi zina zosungunuka m'madzi zimamata timibulu ngati simenti. Pakatha zaka mamiliyoni pamakhala mwala watsopano, wooneka mosanjikizana ngati mabuku. Mchenga umabala mwala wamchenga wotchedwa sandstone, matope amabala mwala wofewa wosweka mapalemapale, ndipo zomera zomwe zinakwiririka m'madambo akale zimasanduka malasha a pansi.

Kwa Kadewere miyala yotereyi simungaipeze kawirikawiri. Chomwe chingakuonetseni mmene kumatana kumachitikira ndi lubwe, timiyala ndi dothi zogwirana ndi dzimbiri mpaka khasu kulephera. Miyala yosanjikizana yeniyeni ili ku Lengwe ndi ku Mwabvi m'chigwa cha Shire, komanso kumpoto. Malasha a ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi zomera za zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. Ku Karonga, m'miyala yomwe kale inali mchenga ndi matope a m'mitsinje, munapezeka mafupa a chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, ndipo chithunzithunzi cha mafupa ake chimaonetsedwa kumalo osungirako zinthu zakale pa boma la Karonga. Pansi pa nyanja ya Malawi matope anaunjikana kuya kwake makilomita angapo. Miyala imeneyi nayo tsiku lina idzawola n'kukhalanso dothi, koma palibe mdzukulu wa aliyense wa ife amene adzalimepo.

Zomwe tinachita pamunda uja

Nditatchula za akalozera, bambo aja anaseka. Anati bambo awo ankawauza za malimidwe a nthawi ya atsamunda, m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu ankalipitsidwa chindapusa ngakhale kumangidwa kumene chifukwa chosaunda milambala. Ndi zoona, ndipo nkhanza zimenezo zinachititsa kuti ntchito yabwino idedwe kwa zaka zambiri. Ndinawayankha kuti lero palibe mesenjala amene abwere. Munda ndi wawo.

Mizere yawo inali yolunjika kumunsi pang'ono, kotero kuti khwawa la mzere uliwonse linali ngati ngalande. Tinapanga chida chooneka ngati chilembo cha A ndi nsungwi zitatu, chingwe ndi kamwala, n'kukhoma zikhomo modula chitunda, pamalo ofanana kukwera kwake. Potsata zikhomozo anaunda akalozera, ndipo mizere yonse anaitembenuza kuti itsate akalozerawo. M'makwawa a mizere anatseka ndi timilambala, chomwe ambiri amati ngonyeka, kuti madzi aime n'kulowa pansi pomwe agwera. Mvula itayamba anabzala udzu wa vetiva mothithikana pa akalozera. Vetiva wobzala patalipatali ndi wongokongoletsa munda. Madzi amadutsa m'mipata n'kukumba koposa kale.

Ndipo milu ya miyala ija inapeza ntchito. M'malo moitaya kumalire, mdzukulu wawo anaiyala m'mizere modula chitunda kumtunda kwa munda, komwe dothi linali litachepa kwambiri moti sakanatha kuunda mlambala. Ina anatchinga nayo kachigwembe komwe kanayamba pakati pa munda, pamodzi ndi zikhomo ndi nthambi.

Pa za chonde ndinawauza mosabisa kuti akalozera sabweza zomwe zinapita, amangosunga zotsala. Thanthwe sitingalifulumizitse kuwola. Chomwe munthu angathe kupanga pa moyo wake ndi dothi lakuda lapamwamba lija, ndipo njira yake ndi yodziwika: kusiya kutentha mapesi, kuwojeka kapena kuphimbira nthaka, manyowa a khola ndi a kompositi chaka ndi chaka, ndi nandolo, yemwe anthu a kuno amabzala kale m'chimanga. Masamba a nandolo akayoyoka asasesedwe n'kutenthedwa posaka mbewa. Feteleza wothira pa nthaka ya manyowa amagwira ntchito. Wothira pa nsangalabwi amatsagana ndi mvula yoyamba, ndalama zanu n'kukathera mu Thuchila.

Ndinadutsakonso m'mwezi wa Malichi. Kumtunda kwa mzere woyamba wa miyala kunali kutadikha dothi lofiirira losalala, lozama zala zitatu, ndipo bambowo anali atabzalapo kale kholowa. Chigwembe chija chokha chinali chisanagonje. Madzi ake amachokera m'kanjira ka anthu ndi m'munda wa mlamu wawo kumtunda, yemwe mizere yake ikadalozabe kumunsi. Pomwe ndinkatsanzika n'kuti atagwirizana ndi akazi awo kuti nkhaniyo akaitule kwa a nyakwawa chimanga chikangolowa m'nkhokwe.